Denis Burkitt, dokotala wa diso limodzi yemwe analondola chotupa cha nsagwada mpaka ku Nyasaland

Mwa khansa zonse zimene zimagwira ana m'dziko muno, yomwe madokotala a ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe akhala akuiona kawirikawiri ndi ija imatupitsa nsagwada. Mwana yemwe mwezi watha ankasewera phada kapena mpira wachikulunga amayamba kutupa tsaya, mano amagwedera, nthawi zina diso limatuzuka, ndipo pakamatha masabata atatu nkhope imakhala itapotoka moti ngakhale agogo ake amamuyang'ana kawiri. M'mabuku a zachipatala matendawa amatchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali ndi la munthu, dokotala wa maopaleshoni wa ku Ireland yemwe anadutsa m'dziko lino mu 1961 pa galimoto yakale, atanyamula zithunzi za ana otupa nkhope, n'kumafunsa chipatala ndi chipatala ngati anaonapo zotere.

A Denis Parsons Burkitt anabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, tauni ya kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo awo, a James Burkitt, anali injiniya woyang'anira misewu ndi milatho ya m'dera lawo, koma lero amakumbukiridwa chifukwa cha mbalame. Ankagwira timbalame ta pafupi ndi kwawo n'kutiveka timphete m'miyendo kuti azitha kusiyanitsa kamodzi ndi kanzake, kenako n'kumalemba pamapu pomwe malire a kambalame kalikonse akuthera. Mwana wawo anadzachita zofanana ndi zimenezi, kungoti iye pamapu ankalembapo khansa.

Ali ndi zaka 11, anyamata anayamba kugendana kusukulu ndipo mwala unaswa magalasi omwe Denis anavala, n'kuvulaza diso lakumanja. Madokotala analephera kulipulumutsa, analichotsa. Moyo wawo wonse a Burkitt anakhala ndi diso lagalasi. Kotero munthu yemwe anadzatha zaka zambiri akuyang'ana nkhope zowonongeka naye ankayenda ndi chiwalo chochita kupanga kumaso kwake.

Mu 1929 analowa pa Trinity College ku Dublin kuti aphunzire uinjiniya ngati bambo awo. Sizinawayendere. Ali pompo analowa gulu la ophunzira okonda kupemphera, ndipo anayamba kukhulupirira kuti Mulungu akuwaitanira ku ntchito ya udokotala. Analinso ndi mbale wa bambo awo, a Roland Burkitt, yemwe ankachita maopaleshoni ku Nairobi. Anasintha maphunziro, n'kumaliza za udokotala mu 1935, ndipo mu 1938 anakhoza mayeso a ukatswiri wa maopaleshoni ku Edinburgh. Atafunsira ntchito m'zipatala za m'mayiko olamulidwa ndi Britain anawakana, ndipo nkhani ya diso ija ndi yomwe inkatchulidwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inawatsegulira njira. Analowa usilikali ngati dokotala ndipo anatumizidwa ku Kenya ndi ku Somaliland. Mu 1943 anakwatira namwino, mayi Olive Rogers, omwe anabereka nawo ana aakazi atatu. Nkhondo itatha boma lomwe linawakana lija linawalemba, ndipo mu 1946 anafika ku Uganda.

Anayambira ku Lira, kumpoto kwa dzikolo, pa chipatala cha boma chomwe dokotala mmodzi ankachita zonse. Kumeneko anazindikira kuti amuna odwala phudzi ankachokera kwambiri mbali ya kum'mawa kwa deralo kusiyana ndi kumadzulo, ndipo anakayikira tizilombo tofalitsidwa ndi udzudzu. Inali nkhani yaing'ono, koma khalidwe lawo linaonekera pomwepo: wodwala aliyense ankamufunsa komwe wachokera. Mu 1948 anawasamutsira ku chipatala chachikulu cha Mulago mumzinda wa Kampala.

Mwana wotupa mbali zonse zinayi

Mu 1957 dokotala mnzawo, a Hugh Trowell, anawaitana kuti adzaone mnyamata wa zaka zisanu. Mwanayo anali atatupa nsagwada yakumwamba ndi yakumunsi, kumanja ndi kumanzere komwe. Khansa sichita choncho kawirikawiri. Imayambira pamalo amodzi. A Burkitt anamujambula chithunzi, analemba zomwe anaona, koma panalibe choti achite ndipo mwanayo anamwalira. Patapita masabata ochepa ali ku chipatala cha Jinja, anaona mwana winanso wotupa chimodzimodzi, ndipo atamupima anapeza kuti ali ndi zotupa m'mimbanso.

Anabwerera ku Mulago n'kuyamba kufukula mafayilo akale a ana omwe anamwalira. Anapeza kuti ana otupa nsagwada nthawi zambiri ankakhalanso ndi zotupa mu impso, m'chiwindi, ndi m'mazira mwa atsikana. Madokotala ankalemba chilichonse pachokha, wina khansa ya diso, wina khansa ya impso, wina ya fupa. A Burkitt anaganiza kuti zonsezi ndi matenda amodzi. Mu 1958 anasindikiza lipoti la ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Anthu sanalilabadire kwenikweni. Analakwitsanso mtundu wa khansayo, ndipo anali akatswiri opima zotupa ku Kampala komweko, a Greg O'Conor ndi a Jack Davies, omwe anasonyeza kuti imachokera ku maselo oyera a magazi, aja amateteza thupi ku matenda.

Tisanamizane kuti a Burkitt ndi omwe anayamba kuona chotupachi. Dokotala wamishoni, a Albert Cook, anali atalemba za ana otupa nsagwada pa chipatala cha Mengo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo makolo a ana ankachidziwa kalekale asanabwere azungu ndi mafayilo awo. Chomwe a Burkitt anachita ndi kulumikiza zidutswa, kenako n'kufunsa funso lomwe ena sanafunse, loti matendawa amathera pati.

Ndalama zofufuzira analibe. Ndi kandalama kochepa kwambiri anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala n'kutitumiza papositi ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse. Mayankho akamabwera ankabaya timisomali pamapu a pakhoma. Pang'ono ndi pang'ono panaoneka lamba wodutsa pakati pa Africa kuchokera kumadzulo kufika kum'mawa, wokhala ndi mchira wotsikira kumwera chakugombe la kum'mawa. Nyasaland inali mumchiramo.

Ulendo wa masabata khumi

Pa 7 October 1961 a Burkitt ananyamuka ku Kampala ndi madokotala awiri amishoni, a Ted Williams a ku chipatala cha Kuluva ku Uganda ndi a Cliff Nelson a ku Canada omwe ankagwira ntchito ku Tanganyika. Anakwera galimoto yakale ya Ford. M'masabata khumi anayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000 ndipo anayendera zipatala zoposa 50, kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Swaziland, South Africa ndi Southern Rhodesia. Kuno kwathu inali miyezi iwiri chichitikireni chisankho cha August 1961, chomwe chipani cha Dr Hastings Kamuzu Banda, dokotala wina wochokera ku Kasungu, chinapambana. Dziko linali pa ndale, alendo atatuwa ali pa mafayilo a odwala.

Njira yawo inali yosavuta. Akafika pachipatala ankaonetsa zithunzi kwa madokotala, masisitere ndi othandizira madokotala, ankatsegula mabuku olembamo odwala, kenako ankafunsa mudzi womwe mwana aliyense anachokera. Funso lomalizali ndi lomwe linali ndi phindu, chifukwa chipatala chikhoza kukhala paphiri pomwe odwala ake akuchokera kuchigwa.

Nyasaland inawaphunzitsa zambiri chifukwa cha momwe dziko lathu linakhalira. Pamtunda waufupi munthu amachoka kunyanja kotentha n'kukwera kumapiri kozizira. Anapeza kuti ana odwala ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, pomwe kumtunda kozizira matendawa ankasowa. Atafananitsa ndi mayiko ena anaona chodabwitsa. Kufupi ndi Uganda chotupachi chinkapezeka mpaka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500. Kuno malire ake anatsika kufika pa mamita pafupifupi 900. Chakumwera kwenikweni chinkangopezeka m'madera otsika a kugombe. Ndiye kuti nkhani sinali kukwera kwa malo pakokha ayi, koma kuzizira. Komwe nyengo yozizira imatsika pansi pa madigiri 15, chotupachi chinkasowa. Ulendo wina wa kumadzulo kwa Africa unawonjezera mfundo ya mvula: kumadera ouma kwambiri matendawa kunalibenso.

Malo otentha ndi achinyezi ndi malo a udzudzu. Katswiri wa tizilombo ku Entebbe, a Alexander Haddow, anathandiza kuika mapu a chotupachi pambali pa mapu a tizilombo touluka, ndipo ankafanana. Poyamba onse ankaganiza kuti udzudzu ukufalitsa kavairasi koyambitsa khansa. Apa analakwitsa, ngakhale kuti sanaphonye patali.

Kwa ife a ku Kasungu mzere wa mamita 900 uja usatipusitse. Chigwa chathu cha fodya chili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo pamapu a 1961 tikanaoneka ngati tili kunja kwa ngozi poyerekeza ndi anansi athu a ku Nkhotakota. Koma malungo ndi osasowa kuno, makamaka m'madambo ndi m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa nthawi ya dzinja, ndipo mabanja ambiri ogwira ntchito m'maesiteti amachokera m'maboma ena. Mzere uja unkasonyeza komwe matendawa achuluka, sunali mpanda.

Kavairasi komwe kanachedwa pandege

Miyezi ingapo ulendowu usanachitike, mu March 1961, a Burkitt anakamba za chotupachi pa chipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera munali wasayansi wachinyamata, a Anthony Epstein, yemwe ankafufuza mavairasi oyambitsa khansa mu nkhuku. Anapempha kuti azitumiziridwa tizidutswa ta zotupa kuchokera ku Kampala pandege. Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Mu December 1963 ndege yonyamula kachidutswa kena inapatutsidwira ku Manchester chifukwa cha chifunga, ndipo kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu ngati awonongeka. Atayang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono anapeza kuti mbuuyo anali maselo a khansa amoyo omwe anayoyoka m'njira. Anawalera mu labotale, ndipo mu 1964 a Epstein, mayi Yvonne Barr ndi a Bert Achong analengeza kuti apezamo kavairasi katsopano. Lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kanali kavairasi koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Vuto linali lakuti kavairasika kali paliponse. Anthu akuluakulu oposa 90 mwa 100 aliwonse padziko lapansi ali nako, kamafala kudzera m'malovu osati udzudzu, ndipo ambiri sikawachita kanthu. Nanga bwanji ana a m'madera otentha okha ndi omwe ankatupa nsagwada? Yankho linali malungo. A Gilbert Dalldorf a ku America anali m'gulu la oyamba kunena zimenezi, ndipo a Burkitt anadzagwirizana nazo ataona kuti ku Zanzibar, komwe ntchito yothana ndi malungo inali itayenda bwino, chotupachi chinali chosowa ngakhale kuli kotentha.

Momwe asayansi amafotokozera lero ndi motere. Mwana wa kuno amatenga kavairasi kaja akadali wakhanda, ndipo kamabisala m'maselo oyera a magazi. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo omwewo kuchulukana mothamanga, komanso amafooketsa chitetezo chomwe chimayenera kugwira kavairasiko. M'kuchulukana kotereku selo imodzi imalakwitsa: kachidutswa ka malangizo a chibadwa kamachoka pamalo pake n'kukamatirira pena, ndipo jini yolamula kukula kwa selo, yotchedwa MYC, imakhala ngati switchi yomwe yakana kuzima. Chotupa chake chimatha kuwirikiza kukula m'tsiku limodzi kapena awiri. Palibe khansa ina ya anthu yodziwika kuti imathamanga kuposa iyi. N'chifukwa chake sabata imodzi yomwe banja lataya poyesa mankhwala a dzino, kapena podikira kuti fodya agulidwe kaye ku Chinkhoma, ndi yaikulu zedi. N'chifukwa chakenso neti yoteteza udzudzu ili ndi gawo pa nkhani ya khansa.

Dokotala wa mpeni asiya mpeni

Mbali ya mbiriyi yomwe ineyo ndimaiona yofunika kwambiri si ya mapu kapena kavairasi. A Burkitt anali munthu wa maopaleshoni, ndipo nzeru ya nthawi imeneyo inali yakuti chotupa chimadulidwa. Koma kudula nsagwada ya mwana wa zaka zisanu kunkamusiya wosatha kutafuna ndi kulankhula bwino, ndipo ankamwalirabe chifukwa matenda anali kale m'mimba. Makina owotcha khansa ku Uganda kunalibe. Chomwe chinatsala chinali mankhwala, omwe panthawiyo anali atsopano ndipo anthu ochepa okha ndi omwe ankakhulupirira kuti angachize khansa mpaka kutheratu.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mogwirizana ndi a Herbert Oettgen ochokera ku chipatala cha khansa cha Sloan-Kettering ku New York, komanso a Peter Clifford, katswiri wa maopaleshoni a mutu ndi khosi ku Nairobi, anayamba kuyesa methotrexate, kenako cyclophosphamide ndi vincristine. A Burkitt ankapempha mankhwalawa kwaulere ku makampani owapanga. Zotsatira zinadabwitsa aliyense. Zotupa zazikulu zinkaphwa m'masiku ochepa, diso n'kubwerera m'malo mwake, ndipo mwa ana ambiri fupa la nsagwada linkadzikonza lokha. Makolo ena akaona mwana wachira ankapita naye kumudzi atangolandira mankhwala kamodzi kapena kawiri, ndipo atawalondola patapita nthawi ena mwa anawa anapezeka ali bwinobwino. Ambiri matenda ankawabwereranso, ndiye pasapezeke wotenga izi ngati chilolezo chothawitsa mwana m'chipatala. Koma umboni unapezeka woti khansa ikhoza kuchizika ndi mankhwala okha, nkhope osaikhudza ndi mpeni.

Tiyeneranso kunena kuti izi zinkachitika pansi pa ulamuliro wa atsamunda, pa ana a anthu osauka, nthawi yomwe malamulo opempha chilolezo cha makolo pa kafukufuku sanali okhwima ngati lero. Mayina omwe anatchuka ndi a madokotala achizungu. Anamwino ndi othandizira madokotala achiafirika omwe ankamasulira, kusunga mabuku ndi kuyenda m'midzi kufunafuna ana aja sakumbukiridwa chimodzimodzi.

Kuno ku Malawi ntchito yochiza ana odwala khansayi inadzakhazikika ku Queens, pansi pa Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo, omwe anakonza ndondomeko ya mankhwala yaifupi ndi yotsika mtengo yogwirizana ndi zipatala zathu. Ndi ndondomeko zoterezi pafupifupi theka la ana amachira, pomwe m'mayiko olemera, komwe amapereka mankhwala amphamvu kwambiri mwana ali pa chisamaliro chapadera, amachira pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha kufika mochedwa, kunyentchera, kusowa kwa magazi ndi mankhwala othana ndi matenda ena, komanso mabanja omwe amalephera kumaliza chithandizo chifukwa cha mtunda. Kuchokera pa Kasungu boma kukafika ku Kamuzu Central ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo mayi akakhala kuchipatala mwezi wathunthu kumunda ndi kuchigafa kumakhala kulibe munthu.

Pomwe mpeni sungapeweke

Mwayi womwe a Burkitt anapeza pa ana sugwira ntchito pa chotupa chilichonse cha kumaso, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokoneza. Khansa ya m'kamwa, ya lilime, ya mlomo ndi ya pakhosi mwa akuluakulu ndi matenda ena. Imayenda pang'onopang'ono, imayamba ngati chilonda chosapola kapena chigamba choyera kapena chofiira m'kamwa, ndipo zoyambitsa zake zazikulu ndi fodya ndi mowa, makamaka zikaphatikizana. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe chopichira papepala, ngakhale fodya woika kunsi kwa mlomo yemwe agogo ambiri amamuona ngati wosavulaza, zonsezi zili m'gulu limodzi. Khansa ya ana ija ilibe chochita ndi fodya, koma iyi ndi yake yeniyeni. Palinso chotupa china cha nsagwada chotchedwa ameloblastoma, chomwe sichifalikira m'thupi koma chimadya fupa kwa zaka mpaka nkhope kupindika. Zotupa zoterezi sizisungunuka ndi jekeseni. Zimafuna kudulidwa, ndipo pa khansa nthawi zambiri amawonjezera kuwotcha ndi makina.

Dokotala akadula, pamatsala dzenje, ndipo dzenje la kumaso si nkhani ya maonekedwe okha. Munthu wopanda mbali ya nsagwada yakumunsi satha kutafuna nsima, malovu amangotuluka, mawu samveka. Wochotsedwa fupa la kumwamba kwa kamwa akamwa madzi amatulukira m'mphuno. Ambiri amasiya kupita kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro. Luso lokonzanso nkhope linakula pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pomwe a Harold Gillies ankasoka asilikali ophulitsidwa nkhope ku Sidcup ku England kuyambira 1917. Iwo ankasuntha khungu kuchokera pachifuwa kapena pamphumi pang'onopang'ono, mbali imodzi ikadali yolumikizika kuti magazi aziyenda, ndipo zinkatenga maopaleshoni angapo ndi miyezi yambiri. M'masiku omwe a Burkitt anali ku Mulago, njira zomwe zinalipo zinali za mtundu umenewu.

Zinthu zinasintha iwo atasiya kale maopaleshoni. Mu 1979 a Stephan Ariyan a ku America anasonyeza kuti mnofu wa pachifuwa pamodzi ndi khungu lake ukhoza kutembenuzidwira kukhosi ndi kukamwa pa opaleshoni imodzi. Njirayi sifuna zida zapamwamba, ndipo ndi yomwe imadaliridwabe m'zipatala zambiri za mu Africa. Madokotala a ku China anayambitsa njira yotenga khungu la pamkono pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi n'kukailumikiza ku mitsempha ya m'khosi. Mu 1989 a David Hidalgo a ku New York anafotokoza za kupanga nsagwada yatsopano ndi fupa laling'ono la mwendo, lija lili chakunja pakati pa bondo ndi kakolo. Munthu amayendabe bwino popanda gawo lalikulu la fupali. Amalidula m'zidutswa, kulipinda ngati chibwano, kulimanga ndi tizitsulo, kenako kusoka mitsempha yake poyang'anira pa makina okulitsa zinthu. Opaleshoni yotere imatha tsiku lathunthu ndipo imafuna gulu la akatswiri ndi chipinda cha odwala kwambiri. Pomwe izi sizingatheke, dokotala wa mano amatha kupanga chotsekera cha pulasitiki chomwe chimavalidwa ngati mano oikirira n'kutseka bowo la kumwamba kwa kamwa, munthu n'kuyambanso kudya ndi kulankhula. Diso, mphuno ndi khutu nazo zimapangidwa.

M'dziko muno akatswiri a ntchito imeneyi ndi owerengeka ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba mu 2019 pa sukulu ya udokotala yomwe pano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, ndipo izi zili ndi phindu chifukwa wa mano ndi amene amayamba kuona zotupa zambiri za m'kamwa. Kukula kwa dzenje kumatengera kukula kwa chotupa pa tsiku lomwe chadulidwa. Chilonda cha m'kamwa chomwe chatha masabata atatu osapola, chotupa cha m'khosi, mawu osasa osasintha, kapena dzino logwedera popanda chifukwa ndi zoyenera kukaonetsa kuchipatala. Kwa mwana wotupa tsaya mothamanga, mano akugwedera, kuzula dzino si chithandizo. Afunika kupimidwa ndi kutumizidwa ku chipatala chachikulu sabata yomweyo.

Za mgaiwa

A Burkitt anasiya maopaleshoni mu 1964 n'kuyamba kugwira ntchito ya kafukufuku pansi pa bungwe la Medical Research Council, ndipo mu 1966 anabwerera ku England. Mu 1972 analandira mphoto ya Lasker ku America ndipo anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Munthu wina akanapumira pomwepo.

Iwo anayamba nkhani ina. Atakumana ndi dokotala wa asilikali apamadzi, a Peter Cleave, anayamba kufunsa chifukwa chomwe matenda ofala ku Ulaya, monga khansa ya matumbo aakulu, kudzimbidwa ndi mudzi, ankaoneka mwa apo ndi apo m'zipatala za kumidzi ya mu Africa. Anagwiritsanso ntchito njira yawo yakale ya makalata ku zipatala za mishoni, ndipo anafika poyeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu a kumudzi n'kufananitsa ndi cha Angerezi. Mfundo yawo inali yakuti azungu akudwala chifukwa chochotsa gaga m'zakudya. M'chinenero chathu, ankanena kuti mgaiwa umaposa ufa woyera, ndipo nyemba, khobwe ndi masamba n'zofunika kuposa buledi woyera ndi shuga. Buku lawo la 1979, Don't Forget Fibre in Your Diet, linagulidwa m'mayiko ambiri. Pena anakokomeza, chifukwa anthu a kumidzi omwe ankawayerekeza ndi azungu ankasiyana nawo pa zambiri, osati chakudya chokha, ndipo ambiri sankafika zaka zomwe khansa ya matumbo imagwira anthu. Komabe kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti zakudya za gaga zimachepetsadi chiopsezo cha khansa imeneyi. Ndi nkhani yoseketsa pang'ono kwa ife omwe timaona mgaiwa ngati nsima ya kusukulu yogonera komweko kapena ya chaka cha njala.

Anapitiriza kuyenda ndi kuphunzitsa mpaka atakalamba. Anamwalira pa 23 March 1993 ku Gloucester atadwala sitiroko, ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda m'mudzi wa Bisley.

Chaka chomwecho magazini ya British Journal of Cancer inasindikiza kafukufuku wochitikira ku Malawi, yemwe mwa olemba ake munali dokotala wa ana, malemu Peter Kazembe. Ofufuzawo anaona kuti mtengo wa nkhadze, uja timatchingira minda ndi makola, unkapezeka kawirikawiri pakhomo pa ana odwala khansa ya Burkitt kusiyana ndi pa ana ena. Patapita zaka khumi, asayansi a ku America anasonyeza mu labotale kuti utomoni wa nkhadze umadzutsa kavairasi ka Epstein-Barr komwe kanagona m'maselo. Kuti nkhadze imayambitsadi khansayi mwa ana sizinatsimikizike mpaka lero, ndipo malungo ndi kavairasi kaja ndi zomwe zili ndi umboni wokwanira. Utomoniwo umawotcha maso ndi khungu, ndipo ana a m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati amaseweretsabe ngati ulimbo.